Mzere Wachitatu

Anafika pa msewu wa Wilson mawawa akugwa,
nkhungu ya ku Lima itameza nsonga za nyumba,
laputopu ataikulunga m'juzi ya malemu bambo ake.
Dzina lake Zoila Ticona. Anakana mpando.
Anati: Kumsana kwake kwalembedwa magigabaiti 500,
koma ndikayatsa ndimaona 380.
Enawo anadya ndani?

Ine Braulio, wa kasitolo ka nambala 214,
ndakalambira kusuzumira m'mimba mwa makina.
Ndinamuuza kuti disiki ndi munda wopanda mpanda.
Malire ake sali m'nthaka,
ali m'kaundula wamng'ono kumayambiriro kwenikweni,
mizere inayi basi,
yonena kuti apa mpoyambira, apo mpothera,
uyu aoneke, uyu akhale duu.
Ukaphonya nambala imodzi
mbewu zonse zilipobe,
koma mwini munda amasochera pakhomo pake.

Choncho ndinayamba ndakopera zonse pa disiki ina.
Maola awiri. Kuthamanga si kufika.
Anatsika kukagula khofi, nabwera ndi makapu awiri,
n'kuyamba kukamba za Eleuterio:
zaka makumi atatu pa chiwongolero cha basi ya ku Comas,
munthu wa mawu owerengeka ngati chenji,
amene usiku ankadzitsekera ndi makinawa.
Amayi ankati pali mkazi wina.
Achimwene ankati ndi ngongole.

Kaundula atatseguka, mizere inali itatu.
Woyamba wa kufakitale, wachiwiri wa tsiku ndi tsiku.
Wachitatu unavala nambala 27,
chovala chonena kuti: ndipitirireni, kuno kulibe munthu.
Kuuvula n'kosavuta,
ungochotsa 2, n'kuikapo 0.
Koma chala changa chinaima pamwamba pa batani.
Ndinati: Mayi, chitseko ichi sichinadzitseke chokha.
Anayang'ana juzi ija.
Mwini wake tinamuika Lachinayi, anatero. Tsegulani.

Ndinadina. Makina anazima, nadzukanso.

Munalibe chithunzi cha mkazi.
Munalibe dzina la wakatapila.
Munali mafayilo a mawu 1,140,
lililonse dzina lake ndi tsiku,
lomaliza la mwezi watha.

Tinatsegula limodzi la pakati.
Mpando kukwekwereka. Chifuwa, kawiri.
Kenako liwu lotsika, loopa kudzutsa ogona,
likutchula mawu amodzi m'Chiaimara,
chinenero chimene anachisiya ku Puno ali mnyamata,
n'kumasulira pang'onopang'ono m'Chisipanishi:
ichi ndi chisanu cha m'bandakucha choumitsa mbatata.
Ili ndi dzina la mwana wa nkhosa wobadwa mochedwa.
Awa sindikuwakumbukira bwino, Zoila, ndifunsa kaye.

Pakhonde wogulitsa zingwe za foni ankakuwabe mitengo.
Zoila anakhala pansi tsopano.
Anati: Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi,
pageti la sukulu, anzanga akumva,
ndinawauza kuti asadzayankhulenso choncho.
Sanakalipe.
Anangoti chabwino.

Ine sindidziwa kukonza zoterezo.
Ndinangomuuza zimene ndimadziwa:
chigawo chikatuluka poyera chimafuna chilembo
kuti makina azichiitana.
C ali ndi mwini kale, D nayenso.
Anati: Chipatseni E.

Analipira masolesi makumi asanu ndi limodzi,
nakulunganso laputopu, manja a juzi n'kumanga mfundo,
khofi wake atazizira pa kauntala.

Disiki yokopera ija inatsala ndi ine.
Lamulo langa ndi kufufuta dzuwa lisanalowe,
ngakhale kuno dzuwalo sitiliona mpaka Novembala.
Ndinafufuta.
Koma mzere wodzaza sikirini usanafike kumapeto
ndinapezeka ndikuyesa mawu aja a chisanu pa lilime langa,
ndipo ndinawalakwitsa.